Komiti ya Ulendo wa ku Chilwa

Ine ndinangopempha galimoto. Zimenezi zimveke kaye, chifukwa mpaka lero alipo ena m'banja mwathu amene amati Magdalena ndi wapakamwa, Magdalena ndiye anasokoneza zinthu. Ndinapempha galimoto ya Loweruka limodzi, yoti inyamule bambo anga kuno ku Bangwe, ikawafikitse pa dooko la Swang'oma ku nyanja ya Chilwa, n'kubwera nawo tsiku lomwelo. Komiti sindinapemphe. Matisheti sindinapemphe.

Bambo anga, a Januario Mulipa, anali msodzi wa pa Chilwa kuyambira ubwana wawo mpaka 1995, chaka chimene nyanja inaphwa anthu n'kumayenda pansi pamene kale pankadutsa mabwato. Njala itakula anatisonkhanitsa ife ana atatu ndi mayi, n'kubwera ku Blantyre kudzalowa ulonda m'mashopu a ku Limbe. Zaka makumi atatu zatha ali m'tauni, koma usodzi sunawachoke m'zala. Ine ndimagulitsa milamba yowamba ndi matemba mumsika wa Bangwe, ndipo bambo akafika pa benchi panga sapereka moni. Amatembenuza nsomba ndi chala chimodzi n'kuyamba kunyoza: iyi inafera mu ukonde, iyi inagona m'madzi, iyi anaiwamba ndi nkhuni zaziwisi. Amanena makasitomala akumva. Chimwalirireni mayi amakhala kwanga, choncho zonyozazo ndimazimva kumsika ndi kunyumba komwe.

Matenda a shuga anawabweretsera chilonda kuphazi lamanzere. Tinatsuka, tinamanga, tinayenda kuchipatala mpaka makondakitala a minibasi anatiloweza nkhope, koma chilonda chinkangodya mnofu. Lolemba lina pakati pa Okutobala adokotala anafuna kundiitanira pambali. Bambo anakana, anati iwo si mbuzi ya pamsika yoti anthu aziikambirana ili pomwepo, ndiye adokotalawo anatiuza tonse awiri. Mwendo uyenera kudulidwa m'munsi mwa bondo. Anatilembera tsiku loti akagonekedwe, Lolemba pa 17 Novembala.

Tinabwerera pa minibasi. Titatsika pasiteji, bambo atatsamira ndodo yawo, ndi pamene anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, ankafuna kukaima m'bwato kamodzi kokha mwendo usanachoke. Amene sadziwa Chilwa sangamvetse msanga. Nyanja ija ndi yosazama, ndipo bwato lake munthu sapalasa atakhala pansi. Msodzi amaimirira kumbuyo, mapazi onse awiri ataponda zolimba, n'kumakankha ndi nsungwi yaitali. Wa mwendo umodzi amakhala wokwera chabe. Bambo ankafuna akankhe okha bwato mpaka m'bango, atchere mbedza zawo, avuule mlamba ngakhale umodzi.

Chachiwiri chinali choti ndisauze munthu za mwendowo. Ngakhale Tithokoze mng'ono wanga, ngakhale Evance mchimwene wathu.

"Anthu akamva amayamba kukuika m'manda uli moyo," anatero. "Adzamve utachoka kale."

Ndinakana, tinakangana pasiteji pomwepo oitanira minibasi akutionerera, mpaka anandilumbiritsa pa dzina la malemu mayi. Ndinalumbira. Panjira ndinawerenga pa zala, ndipo ndinapeza kuti Loweruka litipeza kasanu tsikulo lisanafike. Ndinati kasanu n'kambiri.

Phazi lotero silikanapirira ulendo wa minibasi mpaka ku Phalombe, kenako njinga yamoto pa msewu wafumbi. Pankafunika galimoto, ndipo m'banja mwathu galimoto ili ndi munthu mmodzi, alamu anga a Chigomezgo, amuna a Tithokoze, amene amakhala ku Kameza. Kwawo ndi ku Rumphi, amagwira ntchito m'boma, ndipo ndi munthu wabwino. Ndikunenetsa, ndi munthu wabwino, ndipo ubwino wawowo ndi umene unatsala pang'ono kundipengetsa misala.

A Chigomezgo ndi mkamwini wa ulemu wachikale. Pa zaka khumi ndi zinayi za ukwati sanakhalepo pampando bambo ali pomwepo, sanadyepo nawo mbale imodzi, sanawayang'anepo m'maso. Amanjuta chapatali, moni, basi. Mawu ena onse amadzera mwa ine, poti ndi amene ndimakhala ndi bambo. Nawonso bambo ali ndi lamulo lawo, loti mkamwini akakuchitira ulemu sumutsutsa. Chilichonse chimene a Chigomezgo angatumize, kaya ndi malaya osawakwana, yankho limakhala limodzi: "Achita bwino."

Ndinaimbira Tithokoze n'kumuuza kuti bambo alakalaka kukawedza ku Chilwa, awapemphe amuna ake galimoto Loweruka likubwerali. Pasanathe maola awiri foni yanga inayamba kutetera ngati nkhuku yoikira. Ndinali nditaikidwa mu gulupu ya pa Watsapu yotchedwa Ulendo wa Agogo, ya anthu khumi ndi anayi. Wapampando a Chigomezgo. Mlembi Evance, munthu amene ntchito yake ndi kuwotcherera mageti ku Ndirande ndipo chibadwire sanalembepo kalata. Munali azilamu, adzukulu akuluakulu, ndi msuweni wina wa ku Machinjiri amene ndinali ndisanamuone chiikireni mayi. Amene munalibe ndi bambo okha, poti kafoni kawo ndi kamabatani.

Ndinalemba kuti abale, nkhani ndi ya galimoto chabe. A Chigomezgo anayankha mwaulemu kuti munthu wamkulu ngati apongozi awo sangatengedwe ngati thumba la makala, mutu umodzi susenza denga, tiyeni tichite zinthu mwadongosolo. Anthu anatumiza timanja ta pafoni tija toombera. Usiku usanagwe panali patabuka kale timakomiti ta zakudya, ta zoimbaimba ndi ta yunifolomu. Loweruka loyamba linathera ku Kameza, pa miting'i yogwirizana zoti tidzakambirane pa miting'i yotsatira.

Loweruka lachiwiri a Chigomezgo anabwera ndi pepala lotayipa. Anali atalemba nyanja ndi madamu amene munthu angapite n'kubwerako tsiku limodzi: Chilwa, Chiuta, Malombe, ndi damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba. Malo alionse anawapatsa malikisi pa msewu, mthunzi, zimbudzi, udzudzu ndi netiweki. Chilwa inalephera phunziro lililonse. Iwo, poti anakulira kufupi ndi nyanja yaikulu, ananena akuseka kuti Chilwa si nyanja, ndi chithaphwi chimene chinaiwala kuuma. Ku damu, anati, kuli kamphepo kabwino ndi mitengo ya paini, agogo akakhala pampando m'mphepete atagwira ndodo yowedzera, ana akuwajambula.

Ndinawauza kuti bambo sanapemphe kamphepo, anapempha Chilwa. Anati tivote. Damu linapeza mavoti asanu ndi anayi, Malombe anayi, Chilwa imodzi, yangayo. Anthu osadziwa kuti nyambo amaikolowekera mbali iti ya mbedza anasankha kumene msodzi akawedze.

Ndinafika kunyumba mtima ukuwira, n'kuwafotokozera bambo zonse, ndikuyembekeza kuti lero lokha alusa. Anali pakhonde, phazi lili pa kampando, akunola mbedza zawo zakale pa mwala. Mbedza zimenezo anabwera nazo mu 1995 m'kachitini ka fodya, ndipo chaka chilichonse ankazipaka mafuta ophikira kuti zisachite dzimbiri. Anati achita bwino. Ndinawafunsa ngati andimva. Anati andimva, mkamwini wachita bwino. Kenako, osandiyang'ana, anafunsa ngati padamupo pali bwato.

Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale, mpaka imodzi inasweka.

M'mawa mwake ndinawauza kuti tiwasiye anthuwa ndi mapepala awo, ndipeze galimoto ina, tipite awiri mawa lomwe. Anakana. Anati mkamwini akasenza ulendo wako, iwe n'kudzera kuseri ndi galimoto ya munthu wina, wamuvula pagulu, ndipo manyazi akewo amakagwera mwana wako amene ali m'nyumba mwake. Ndinati ndiye andimasule pa lumbiro lija, ndiwauze a Chigomezgo okha. Anakananso. Kutsogolo anatseka, kumbuyo anatseka, n'kubwerera pa mwala wawo wonolera.

Sabata yonseyo ndinamenya nkhondo pa gulupu. Ndinalemba, ndinajambula mawu, ndinatukwanako pang'ono. Ndinawakumbutsa kuti zengerezu analinda kwawukwawu, Evance n'kuyankha ndi kankhope koseka. Tithokoze anaimbira bambo kuti amve yekha, ndipo mukudziwa kale chimene anamuyankha. Ndiye ine ndinasanduka wabodza, mayi wa nsomba wofuna ulendo waulere wokaoda katundu wake ku Chilwa. Ananena zimenezo ndi Evance, m'bale wanga wa bere limodzi. Chinsinsi chija chinandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba, chosamezeka, chosalavulika. Chiganizo chimodzi chikanathetsa zonse, koma ndinali nditalumbira pa mayi.

Loweruka lachitatu ndinapita ku Kameza ndi fungo langa la kumsika, osasintha dala, n'kukhala pa sofa yawo yoyera, n'kunena kuti sindichoka mpaka voti ifafanizidwe. Dzuwa likupendeka anagonja. Koma a Chigomezgo anaika mfundo ziwiri. Papezeke majekete oyandamitsa munthu m'madzi, ndiponso patsogole anthu okaona malo, kuti adziwe ngati msewu ndi woyenera munthu wachikulire. Ine ndinangomva zoti Chilwa yapambana, zinazo sindinazilabadire. Kupusa kwanga kunali pamenepo.

Loweruka lachinayi, ndili kumsika, foni inayambanso kulira. Zithunzi. A Chigomezgo ndi Evance ali pa dooko la Swang'oma. Evance waima m'bwato lokocheza pamtunda, wagwira nsungwi ngati khasu, akuseka mano onse pamtunda. Kumbuyo kwawo kuli galimoto, mipando itatu yopanda munthu. Galimoto imene ndinapempha ija inapita ku Chilwa, inafika bwinobwino, inabwerako dzuwa lisanalowe, bambo ali pakhonde ku Bangwe akuingitsa ntchentche pa bandeji.

Sindikumbuka kuti kasitomala amene anali patsogolo panga ndinamuyankha chiyani. Ndikukumbuka kuti a Grace, mayi wa benchi loyandikana ndi langa, anandilanda mpeni m'manja n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Madzulo awiriwo anafika kwathu ndi mphatso, milamba isanu yaiwisi yogula padooko. A Chigomezgo ananjuta patali n'kundiuza kuti ndiwauze apongozi kuti msewu auona, ndi wabwino, ulendo ulipo Loweruka likubwerali pa 15. Evance anawaonetsa zithunzi. Bambo anayang'ana nthawi yaitali, koma osati nkhope ya mwana wawo. Ankayang'ana madzi a kumbuyo kwake. Anafunsa ngati madziwo afika pa chulu china chimene iwo ankamangirirapo bwato, ndipo Evance sanadziwe kuti kunali chulu. Anati achita bwino. Nsomba zija sanazitembenuze ndi chala, ndipo zitapsa sanadye.

Ndinadzigwira. Ndinati Loweruka limodzi latsala, ndipo limodzi ndi limene ndinkafuna poyamba pomwe. Ndinagula mtanda wa sopo woti adule nyambo, poti iwo amati mlamba supirira fungo la sopo. Ndinasunga majumbo okulungira phazi kuti lisalowe madzi, ndinachapa chipewa chawo.

Lachinayi masana komiti inabwera kwanga, akuti miting'i yomaliza ichitikire pafupi ndi mwini ulendo. Mwini ulendoyo anali kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango ndi wailesi yawo, poti sangakhale chipinda chimodzi ndi mkamwini. Evance anatulutsa tisheti imodzi m'jumbo. Kutsogolo kwake kunali nkhope ya bambo, pansi pake nsomba. Chambo. Ali ku Swang'oma anamva kwa asodzi kuti mu Chilwa mulibe chambo, ndiye komiti inaona kuti kuveka msodzi wa pa Chilwa chambo pachifuwa ndi chipongwe. Matisheti ena onse anali atabwezedwa kale kwa wosindikiza ku Zingwangwa kuti aikepo mlamba, ndipo atuluka sabata yamawa. Choncho, anatero a Chigomezgo akutsegula kabuku kawo, akupempha kuti ulendo usunthe pang'ono, ukhale pa 22. Sabata imodzi yokha. Nyanja sithawa.

Ndinati ayi. Anati alamu, tiyeni timveko maganizo a ena. Ndinati ayi, Loweruka lomweli, kaya ndi chambo, kaya ndi ng'ona, kaya tipite osavala. Tithokoze anandiuza kuti ndisamachititse manyazi amuna ake amene akuvutikira bambo a eni. Evance anafunsa kuti changu chimenechi n'cha chiyani, kapena katundu watha pa benchi? Ena anaseka. Kenako wapampando anati poti pali kusiyana maganizo, tivote, ndipo manja anayamba kukwera m'nyumba mwanga momwe, pa mipando yanga.

"Votani," ndinatero nditaimirira. "Votani msanga, zotsatira mutumize kuchipatala. Lolemba akukadula mwendo wa bambo. Pa 22 mudzawaveke tisheti yanuyo ali ndi mwendo umodzi, muwaimike m'bwato tione."

Manja anatsika. Kuseri kwa nyumba wailesi inazima.

Madzi akatayika saoleka. Tithokoze anathamangira kuseri akulira mokweza, n'kukagwada, n'kukumbatira mwendo uja. Evance anayamba kuimba mafoni. Dzuwa lisanalowe pakhomo panga panali amayi a kumpingo akuimba nyimbo zimene timaimba pasiwa, msuweni wa ku Machinjiri ndi phava la nthochi, ndi aneba amene sanatipatsepo moni chaka chonse. Aliyense ankalowa, kuyang'ana phazi, kupukusa mutu, n'kumalankhula monong'ona. Lachisanu zinali chimodzimodzi. Bambo anagona chotembenukira kukhoma. Zimene ananena pasiteji zija zinachitika ndendende, ndipo amene anazibweretsa ndine.

Komiti inatha yokha popanda voti. Loweruka m'mawa a Chigomezgo anafika ndi galimoto, ndipo ndikuvomereza kuti anali atayesetsa. Anapinda mipando yakumbuyo n'kuyala matiresi ndi mapilo awiri. Pamwamba anamangirira njinga ya olumala yobwereka kumpingo kwawo. Pambuyo pawo panabwera minibasi yodzaza abale, ena atanyamula Mabaibulo. Evance ndi msuweni uja anali atagwirizana kale kuti ndiwo akawanyamule agogo kuwalowetsa m'bwato.

Bambo anasuzumira pawindo kamodzi n'kubwerera pabedi. Ndinalowa n'kuwauza kuti galimoto yafika. Ndinawauza kuti ndavutika masabata asanu, ndadana ndi abale, ndaswa lumbiro, galimoto ndi iyo ili panjayo, adzuke. Ndinakweza mawu, sindikana.

"Ine ndinati ndikufuna kukawedza," anatero akuyang'ana kudenga. "Awo abwera kudzatenga wodwala. Akamupeza wodwalayo apite naye."

Ndinawafunsa kuti nanga ndikanatani, ndikanangoonerera anthu akuvotera tsiku la pa 22?

"Ukanatseka pakamwa, ndikanakhalabe munthu wa miyendo iwiri mpaka Lolemba. Mwendo wanga unaudula ndiwe Lachinayi. Adokotala akungokamaliza."

Kanali koyamba pa moyo wawo kukana mkamwini, ndipo mawu okanawo anayenera kudzeranso mwa ine. Ndinatuluka n'kuuza anthu kuti abwerere. Wina anayamba pemphero, ndinamuuza kuti akamalizire kwawo.

Ndinapita kumsika, chifukwa ndikanakhala pakhomo ndikanaphwanya zinthu. Ndinakwiyira bambo ndi kuuma mutu kwawo. Ndinakwiyira a Chigomezgo ndi mapepala awo, Evance ndi mano ake, Tithokoze ndi misozi yake. Koma mkwiyo waukulu unali wa pa ine mwini, ndipo umenewo unalibe munthu woti ndimukalipire. Ndinakhala kuseri kwa milamba yanga yakuda bii, imene inali itatha masabata osanyozedwa ndi aliyense, ndipo ndinazindikira kuti zonyoza zija ndikuzisowa. Mayi wina anaima, anatembenuza umodzi ndi chala, n'kufunsa ngati ndilibe yaiwisi. Ndinamuyankha mwaukali kuti yaiwisi ili m'nyanja. Atachoka ndinakhala ndikuyang'ana dengu langa lopanda kanthu pansi pa benchi, mpaka a Grace anandifunsa ngati ndaonamo njoka.

Ndinaimbira a Chigomezgo, osadzera mwa Tithokoze. Ndinawauza kuti mawa m'mamawa abwere okha. Matiresi achotse, njinga ija abweze, mipando aimike. Asavale tisheti, asatenge kabuku, asajambule. Akafika asanjute, akhale pa chiwongolero ngati dalaivala wa hayala, injini ikulira. Ndinadikira kuti anene za kufunsa maganizo a ena. Anangoti, "Chabwino, alamu." Mawu awo anali a munthu amene walira. Ndinatsala pang'ono kuwamvera chisoni, koma nthawi panalibe.

Lamulungu kutangocha, mabelu a tchalitchi asanayambe, ndinalowa kuchipinda kwa bambo osaodira n'kuponya dengu pansi. Linagubuduka mpaka kukagunda ndodo yawo pafupi ndi bedi.

"Pa benchi panga palibe mlamba wauwisi," ndinatero. "Zaka zonsezi mwakhala mukunyoza nsomba zanga pamaso pa makasitomala. Lero ndikufuna zanu. Za mbedza, osati zofera mu ukonde. Galimoto ndapanga hayala, ili panja, ibwerera dzuwa likapendeka. Ngati ntchito munaiwala nenani, ndikafune msodzi wina."

Mwana salankhula choncho kwa bambo ake, ndipo ndinkadziwa kuti ndodo ija ikhoza kundipeza. Koma bambo anatembenuka, anatsitsa mwendo wabwino, winawo anautsitsa ndi manja, n'kukoka dengu ndi ndodo. Analitembenuza ndi chala chimodzi, analiyang'ana kunsi, anakanikiza m'mbali.

Anati dengu limeneli ndi la matemba, mlamba wa pa Chilwa sungakwanemo, ndipo amene analuka ndi mbuli. Anafunsa kuti sopo uja ndinamuika kuti, n'kudandaula kuti ndagula wofewa, asungunuka mbedza isanafike pansi. Anafunsa ngati dalaivalayo njira akuidziwa. Ndinati anapitako kamodzi. Anati kamodzi si kudziwa, iwo akhala kutsogolo azimuuza pokhota. Ine, anati, ndikadikire padooko pamodzi ndi ogula anzanga, ndisakayerekeze kukwera bwato lawo. Ndinayankha kuti sindingakwere bwato la munthu amene watha zaka makumi atatu osagwira nsungwi. Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munali ukali umene ndinali ndisanauone chichokereni kuchipatala kuja. Ndinaukonda kwambiri ukali umenewo.

Ndinakulunga phazi ndi majumbo awiri pamwamba pa bandeji n'kumanga ndi mphira. Nditawapatsa nsapato yakumanja monga mwa masiku onse, anati ndibweretse zonse ziwiri, msodzi safika padooko ngati wothawa moto. Yakumanzere inali pansi pa bedi chiyambire Ogasiti, yodzaza fumbi, yooneka yatsopano kuposa inzake. Ndinaipukuta ndi chitenje, ndinayesa kulowetsa, phazi lokulungidwa lija linakana. Panja injini inkalira.

Ndinatenga mpeni wanga wa nsomba, koma dzanja linaima. Nsapato zimenezi anawagulira ndi mayi, ndipo bambo ndi munthu amene amawongola misomali yakale; sanalolepo aliyense kuononga chinthu chimene chikadagwirabe ntchito. Ndinawayang'ana, mpeni uli pa chikopa.

"Ng'amba," anatero. "Ndi ya lero lokha."